Kodi jakisoni wa pamsana amapha miyendo?

Pali mphekesera yoti mayi akabayidwa jakisoni wa pamsana pochitidwa opaleshoni yobereka, miyendo imafa kapena msana umamuwawa mpaka kalekale. Si zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mantha amenewa amachedwetsa amayi kuvomera opaleshoni mwana ali pangozi.

Mtsempha waukulu wa mumsana umathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri mwa mafupa 5 a m'munsi mwa msana. Pofuna kuti isakhudze mtsemphawo, singano imalowa kunsi kwa pamenepo, pakati pa fupa lachitatu ndi lachinayi, kapena lachinayi ndi lachisanu. Mankhwala ake ochititsa dzanzi, otchedwa bupivacaine, amakhala pafupifupi mamililita 2. Miyendo imachita dzanzi kwa maola 2 mpaka 4, kenako mphamvu zimabwerera. Pamene panabayidwa pamatha kuwawa masiku ochepa, koma kafukufuku sanapeze kuti jakisoniyu amayambitsa kuwawa kwa msana kosatha. Amayi ambiri msana umawawawa chifukwa cha pathupi penipenipo.

Zovuta zenizeni zilipo. BP imatha kutsika, n'chifukwa chake amaika dilipi ndi kuyeza BP pafupipafupi. Ena mutu umawapweteka akadzuka, n'kuchepa akagona, chifukwa madzi a mumsana amadontha pa kabowo ka singano.

Kuwonongeka kwa mitsempha kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Dzanzi likakana kutha, thupi likatentha kapena mkodzo ukakanika, uzani anamwino kapena adokotala msangamsanga.