Chakudya ndi chimfine: zimene zimathandiza ndi mmene mungazigwiritsire ntchito

Chimfine chimayambitsidwa ndi mavairasi a mitundu yoposa 200, ndipo ofala kwambiri ndi a gulu la rhinovirus. Amalowa m'thupi kudzera m'mphuno, m'kamwa kapena m'maso, kuchokera ku timalovu ta munthu amene akuyetsemula kapena kutsokomola, komanso m'manja amene agwira chinthu chimene chagwera mamina. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu pakhosi pamayamba kukanda, kenako kuyetsemula, mamina, kutsekeka mphuno ndi chifuwa. Nthawi zambiri chimatha pakati pa masiku 7 ndi 10, ngakhale kuti chifuwa chimatha kukakamira mpaka milungu itatu. Munthu wamkulu amadwala kawiri kapena katatu pa chaka, pamene ana aang'ono amadwala maulendo 6 mpaka 8.

Palibe chakudya chimene chimapha vairasi ya chimfine. Maantibayotiki nawonso saipha, chifukwa ntchito yawo ndi yolimbana ndi mabakiteriya. Chimene chimathetsa chimfine ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo chakudya chimalowererapo pawiri. Zimene mumadya tsiku ndi tsiku muli bwino ndi zimene zimamanga chitetezocho. Zimene mumadya mutadwala kale zimafewetsa pakhosi, zimasungunula mamina, ndiponso zimateteza thupi kuti lisathe madzi ndi mphamvu. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, n'chifukwa chake amakumbukira zipatso mphuno zitatseka kale.

Vitamini C: nthawi yake ndi musanadwale

Ofufuza a bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, anaphatikiza kafukufuku wambiri wa vitamini C, ndipo mu 2013 anapeza kuti kumwa mamiligalamu 200 kapena kuposerapo tsiku lililonse sikuchepetsa maulendo amene munthu wamba amadwala chimfine. Kumangofupikitsa matendawo, ndi 8 peresenti kwa akuluakulu ndi 14 peresenti kwa ana. Pa chimfine cha sabata imodzi, ndiye kuti mwapulumutsako pafupifupi theka la tsiku kapena tsiku limodzi. Amene anayamba kumwa vitaminiyu atadwala kale sanapindule moonekeratu. Phindu lilipo ndithu, koma ndi la munthu amene anazolowera kudya zipatso ndi masamba.

Mwamuna wamkulu amafunika mamiligalamu 90 pa tsiku, mkazi 75, ndipo wosuta fodya awonjezerepo 35. Lalanje limodzi lapakatikati lili ndi pafupifupi 70. Magalamu 100 a gwafa ali ndi oposa 200, tsabola wofiira wosawawa uja oposa 120, ndipo papaya pafupifupi 60. Mandimu, amene ambiri amawadalira, ali ndi pafupifupi 50 pa magalamu 100, ndipo madontho ochepa amene mumafinyira m'kapu ndi gawo laling'ono chabe la zimenezo. Gwafa mmodzi amaposa kapu ya tiyi wa mandimu kutali.

Vuto lalikulu limachitikira kukhitchini. Vitamini C amasungunuka m'madzi, amawonongeka ndi moto, ndiponso amatha masamba oduladula akakhala nthawi yaitali pamtetete. Tsukani masamba musanawadule, osati mutadula. Aikeni m'madzi ochepa amene awira kale, vundikirani, ndipo aphuleni pakatha mphindi zochepa akadali obiriwira. Madzi ophikirawo musataye, chifukwa ndi mmene mwapita vitamini. Soda wophikira amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndipo kutenthetsa chakudya kangapo kumamaliza wotsalayo. Zipatso idyani zosaphika, makamaka zathunthu, chifukwa madzi ofinya amakhala ndi shuga wambiri koma alibe gaga wothandiza m'matumbo. Mapiritsi opitirira mamiligalamu 2,000 pa tsiku amatsegula m'mimba, ndipo kwa ena amawonjezera ngozi ya timiyala ta mu impso.

Zinki, vitamini A, vitamini D ndi zomanga thupi

Maselo oyera a m'magazi, amene amalimbana ndi matenda, sakula bwino popanda zinki. Mwamuna amafunika mamiligalamu 11 pa tsiku, mkazi 8. Zinki amapezeka mu nyama, nsomba, mazira, nyemba, mtedza ndi nthanga za maungu. Wa mu nyama thupi limamutenga mosavuta. Wa mu nyemba ndi mbewu zina amamangidwa ndi mchere wina wa m'mbewumo wotchedwa phytate, choncho wambiri amangodutsa. Vikani nyemba usiku wonse, tayani madziwo, n'kuphika ndi madzi atsopano. Kumeretsa mbewu kapena kuzisasitsa kumachepetsanso phytate.

Pali timaswiti ta zinki toyamwa timene kafukufuku wina wasonyeza kuti tingafupikitse chimfine ngati munthu wayamba pasanathe maola 24, koma timasiya kakomedwe koipa m'kamwa ndipo ena timawachititsa nseru. Kumwa zinki wopitirira mamiligalamu 40 pa tsiku kwa nthawi yaitali kumalepheretsa thupi kutenga kopa, mchere wina wofunika m'thupi. Mankhwala a zinki opopera m'mphuno apeweni. Mu 2009 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza za ena mwa mankhwalawa anthu atasiya kumva fungo.

Vitamini A amasamalira khungu lonyowa la m'kati mwa mphuno ndi pakhosi, lomwe ndi mpanda woyamba umene vairasi iyenera kudutsa. Amapezeka mu karoti, maungu, mango, masamba obiriwira kwambiri, mazira ndi chiwindi. Phikani ndi timafuta pang'ono, chifukwa popanda mafuta thupi limatengako wochepa. Amayi oyembekezera asamadye chiwindi pafupipafupi, popeza vitamini A wochuluka angavulaze mwana m'mimba. Vitamini D timamupeza kwambiri khungu likawombedwa ndi dzuwa, komanso mu nsomba zamafuta ndi chikasu cha dzira. Amene amapindula ndi mapiritsi ake ndi makamaka amene akuperewera vitaminiyu. Zomanga thupi zisasowe pa chakudya chilichonse, chifukwa ndi zimene thupi limapangira asilikali olimbana ndi mavairasi. Mwana wonyentchera ndi wokalamba amene akudya mopereweza ndi amene chimfine chimawatsikira m'chifuwa mosavuta.

Yogati wokhala ndi mabakiteriya amoyo angachepetseko pang'ono matenda a m'mphuno ndi pakhosi. Sankhani wosathira shuga.

Mukadwala kale

Choyamba ndi zakumwa. Kutentha thupi, mamina ndi kupumira kukamwa kumachotsa madzi m'thupi, ndipo madzi akachepa mamina amalimba. Imwani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mkodzo ukakhala woyererako, ndiye kuti mukumwa mokwanira. Zakumwa zofunda zimaposa zozizira: kafukufuku wa mu 1978 anasonyeza kuti madzi otentha ndi msuzi wa nkhuku zimafulumizitsa kuyenda kwa mamina m'mphuno. Msuzi uli ndi ubwino winanso, umapereka madzi, mchere ndi zomanga thupi nthawi imodzi kwa munthu amene chilakolako chamuthawa. Wiritsani nkhuku ndi anyezi, karoti ndi adyo, masamba muike kumapeto. Mowa usiyeni. Umakodzetsa, umasokoneza tulo, ndipo ukakumana ndi paracetamol umalemetsa chiwindi.

Uchi ndiye chakudya chimene chili ndi umboni wabwino pa chifuwa, makamaka cha usiku mwa ana. Umakuta pakhosi n'kuchepetsa kukanda kumene kumayambitsa kutsokomola. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu mupatseni theka la supuni yaing'ono ya tiyi, wazaka 6 mpaka 11 supuni imodzi, ndipo wamkulu masupuni awiri, patatsala theka la ola kuti agone. Anganyambite kapena mungasungunule m'madzi ofunda, kenako atsuke mano. Mwana amene sanakwanitse miyezi 12 asapatsidwe uchi ngakhale dontho, ngakhale wowiritsa. Muuchi mumatha kukhala njere za bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, amene amamera m'matumbo a khanda n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu, mpaka ya kupuma. Odwala matenda a shuga akumbukire kuti uchi ndi shuga ndithu.

Chakumwa chosavuta n'chotere: dulani jinja wamuwisi wotalika ngati mfundo imodzi ya chala chachikulu, muwiritse m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 10, phulani, ndipo akazizirako finyiranimo theka la ndimu ndi kuthira supuni ya uchi. Ndimu iikidwe kumapeto kuti moto usaphe vitamini C. Jinja amafunditsa pakhosi ndipo amachepetsa nseru, koma akachuluka amayambitsa chilungulira.

Adyo amatamandidwa kuposa umboni wake. Kafukufuku wodalirika amene alipo ndi mmodzi, wa anthu 146, ndipo sakukwanira kutsimikizira kuti adyo amateteza ku chimfine. Mudyeni ngati chokometsera chakudya. Mukamusinja dikirani mphindi 10 musanamuphike, kuti allicin, amene amapereka fungo lija, apangike. Musalowetse adyo m'mphuno kapena m'khutu, ndipo musamumange pakhungu la mwana, chifukwa amawotcha mpaka matuza. Amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, afunse dokotala asanayambe mapiritsi a adyo kapena a jinja.

Pakhosi pakamawawa, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, chukuchani pakhosi n'kulavula, katatu kapena kanayi pa tsiku. Ana aang'ono amene sadziwa kulavula asachite zimenezi.

Ena amaletsa wodwala kumwa mkaka poganiza kuti umachulukitsa makhololo. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1990, pa anthu amene anapatsidwa dala rhinovirus, sanapeze kuti mkaka umawonjezera mamina. Umangosakanikirana ndi malovu n'kumveka wolemerera pakhosi kwa kanthawi. Kumumana mwana wodwala mkaka ndi kumulanda chakudya chimene mwina ndicho chokha akuvomera. Khanda losakwana miyezi 6 liziyamwa bere lokha, pafupipafupi, popanda madzi, tiyi kapena zitsamba. Mayi akadwala chimfine apitirize kuyamwitsa, chifukwa mkaka wake umanyamula chitetezo cholimbana ndi vairasi yomweyo. Asambe m'manja ndipo asatsokomolere mwanayo. Mwana wokulirapo musamukakamize mbale yodzaza. Mupatseni zochepa, zofewa, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo akachira muwonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa milungu iwiri kuti abwezeretse thupi.

Chakudya chimagwira ntchito limodzi ndi tulo ndi manja oyera. Pa kafukufuku wa mu 2009, anthu ogona maola osakwana 7 anadwala chimfine pafupifupi katatu kuposa ogona maola 8 kapena kuposerapo. Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, ndipo wodwala akhale ndi kapu ndi supuni yakeyake.

Pamene chakudya sichikwanira

Pitani kuchipatala msanga ngati khanda losakwana miyezi itatu latentha thupi kufika madigiri 38, ngati mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena nthiti zikulowa m'kati popuma. Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Kupuma maulendo 60 kapena kuposa kwa wosakwana miyezi iwiri, 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka 11, ndi 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu kungasonyeze chibayo. Wamkulu apite ngati akubanika, akumva kuwawa pachifuwa, akulavula magazi, wapitirira masiku 10 osasintha, kapena anayamba kupezako bwino kenako n'kudwalanso kwambiri. Chifuwa chopitirira milungu iwiri chiyezedwe TB, ndipo kumadera a malungo kutentha thupi kulikonse kuyezedwe magazi. Ana osakwana zaka 16 asapatsidwe aspirin, chifukwa pa matenda a mavairasi angawononge chiwindi ndi ubongo.