Masekondi atatu pamphasa

Funso limene ndimafunsidwa kuposa onse kuchipinda cha mafizo ndi lakuti, "Adokotala, kodi adzayenda?" Sindine dokotala, ndine wa mafizo, koma ndinatopa kalekale n'kukonza anthu, poti kwathu kuno aliyense wovala zoyera ndi adokotala basi. Ofunsa amakhala amayi, nthawi zina agogo, mwa apo ndi apo abambo. Ndipo amafunsa mwana akadali kumbuyo, chitenje chisanamasulidwe n'komwe.

Mayi wina anabwera ndi mwana wamwamuna wa chaka ndi miyezi 8. Atamutsitsa pamphasa, mutu unagwera kumbuyo, manja atafumbata, miyendo itauma gwa n'kupingasana. Mayiyo anachira movutikira ndipo mwanayo sanalire msanga atabadwa. Asanafike kwa ife anali atapita kale kwa asing'anga awiri ndi kumapemphero a kuphiri, mbuzi imodzi itapitanso. Funso lake sindinaliyankhe tsiku limenelo. Ndinapinda chitenje ngati soseji, n'kumugoneka mwanayo chafufumimba chitenjecho chili pansi pa chifuwa, kenaka ndinagwedeza kabotolo ka nyemba kutsogolo kwake. Anadzutsa mutu, ukunjenjemera, ine n'kumawerenga. Pa 3 unagwa. Ndinatenga kabuku kake ka kuchipatala n'kulemba tsiku, ndi mawu akuti "wadzutsa mutu, masekondi 3". Mayi uja anandiyang'ana ngati ndikumuseka. Anawononga ndalama ya kabaza kudzamva zimenezi?

Mwanayo anali ndi vuto limene m'Chingerezi amati cerebral palsy, a zachipatala amangofupikitsa kuti CP. Ubongo wa mwana umavulala ukadali kukula, kaya ali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka zoyambirira. Minofu ya manja ndi miyendo imakhala ilibe chilema poyamba. Chosokonekera ndi uthenga umene ubongo umatumiza. N'chifukwa chake mwana wina amauma, wina amalobodoka ngati nsalu yonyowa, wina manja ndi miyendo zimangoyenda zokha iye asakufuna. Dokotala wa ku England, William Little, analemba za ana otere m'zaka za m'ma 1860, ndipo anaona kale kuti ambiri anabadwa movutikira kapena masiku asanakwane. Kuno kwathu timawonjezapo chikasu chachikulu cha m'masiku oyamba, matenda oumitsa khosi, ndi malungo ogwira ubongo. Padziko lonse, ana 2 kapena 3 mwa ana 1,000 alionse obadwa amakhala ndi vutoli.

Si tsempho. Si chifukwa chakuti bambo anayenda mwana asanatengedwe, kapena kuti wina anakhwimira mwanayo. Sizipatsirana, choncho ana anzake angadye naye mbale imodzi. Bala la mu ubongo lija silikula, komanso palibe jekeseni kapena mtsitsi umene ungalifufute. Chimene chimasintha ndi zimene mwanayo amaphunzira kuchita ndi ubongo umene ali nawo, ndipo ubongo wa mwana wamng'ono umapeza njira zolambalala mofulumira kuposa wa munthu wamkulu. Apa ndi pamene pali ntchito yathu, ine ndi mayi uja.

Vuto n'lakuti makolo amabwera ndi muyeso wolakwika m'mutu. Muyeso wake ndi mwana wa aneba. Kafukufuku wa 2006 wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti ana ambiri amakhala pansi okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, n'kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Manambala amenewa ndi othandiza kusikelo, pamene mlangizi wa zaumoyo akufuna kudziwa mwana woyenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Koma vuto likadziwika, ntchito yawo yatha. Mayi akamapitiriza kuwagwiritsa ntchito, tsiku lililonse amangoona zimene mwana wake sanachite. Mnzake wobadwa naye mwezi umodzi akuthamangitsa nkhuku pabwalo, wakeyu ali gone pamkeka. Mtima umatha, mafizo amasiyidwa, mwana amatsekeredwa m'nyumba. Ndaziona kambirimbiri, ndipo sindiweruza aliyense, chifukwa kubereka mwana wa makilogalamu 12 kupita naye kumunda, kuchigayo ndi kudambo, anthu akukunong'onezana, si masewera.

Muyeso umene umagwira ntchito ndi mwana yemweyo wa mwezi watha. Kuti uoneke, uyenera kudulidwa tizidutswa ting'onoting'ono. Anthufe timati mwana "wakhala pansi" ngati chinthu chimodzi, chikhalirecho m'kati mwake muli masitepe ambiri: khosi kulimba ali chafufumimba, khosi kulimba atanyamulidwa, kutsamira zigongono, kutembenuka, kukhala atagwiridwa m'chiuno, kukhala atatsamiza manja pansi, kenaka kumasula dzanja limodzi n'kutola chinthu osagwa. Mwana wina amadutsa zonsezi m'miyezi yowerengeka, makolo osazindikira n'komwe. Mwana wa CP akhoza kutha chaka pa sitepe imodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambi umenewu ndikadakonda utalembedwa pakhomo la chipinda chathu.

Khosi lija, masekondi 3 aja, nkhani yake yaikulu ndi chakudya. Mwana amene mutu umagwera kumbuyo sameza bwino. Yesani nokha kumwa madzi mutayang'ana kudenga. Amayi ambiri, pofuna kuti phala lisatayike, amamugoneka mwana chagada pamiyendo n'kumathira m'kamwa. Phala limalowadi, koma lina limalowera kunjira ya mpweya. Mwana amatsamwa, amakhosomola, maso amatuluka misozi, mawu amamveka ngati muli madzi pakhosi, ndipo pakapita masiku mumamva kuti wagonekedwa ndi chibayo. Ana ambiri otere timawataya chifukwa cha chibayo ndi kunyentchera, osati chifukwa choti sakuyenda.

Choncho ndisanakambe za miyendo, ndimapempha kuti ndione mmene mwana amadyera. Akhale tsonga pamiyendo ya womudyetsa, chiuno ndi mawondo zitapindika, dzanja la mayi litachirikiza khosi kuti chibwano chiloze pang'ono pachifuwa. Supuni ikhale yaing'ono, ibwere kuchokera kutsogolo, osati kumwamba, ndipo mudikire ameze musanapatsenso. Phala lolimbako pang'ono limamezeka bwino kuposa lamadzimadzi. Madzi enieni ndi amene amatsamwitsa kwambiri. Poti mwanayo amatopa asanakhute, supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu: nsinjiro, kadzira, timafuta pang'ono, peyala kapena nthochi yophwanya. Bwino kudya pang'ono kasanu kapena kasanu n'kamodzi kusiyana ndi kulimbana naye ola lathunthu onse awiri mukulira. Kapu ya pulasitiki mukaidula mbali imodzi kuti mphuno izilowa, mwana amamwa osapendeketsa mutu. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30.

Ine mwana ndimamuona kamodzi pamwezi, mwina mphindi 40. Maola ena onsewo ali ndi inu, ndiye mafizo enieni ali m'mene mumamunyamulira, kumusambitsa ndi kumukhazika. Kubereka kumbuyo n'kwabwino kwa mwana wa miyendo yopingasana, chifukwa miyendo imatanyula mozungulira chiuno cha mayi. Mungokweza chitenje kuti mutu usalendewere. Koma asakhale kumbuyo tsiku lonse, poti manja ake sagwira kanthu ali kumeneko. Beseni lochapira mutayalamo nsalu, tayala lakale, kapena ngodya ya nyumba mutaika mapilo, zonsezi zimakhazika mwana kuti aone anthu ndi kumasula manja. Pali mipando yolimba kwambiri imene imapangidwa ndi makatoni, manyuzipepala ndi phala la ufa, luso limene linayambira ku Zimbabwe, ndipo mpando wotere umayezedwa pathupi la mwanayo. Nsungwi ziwiri zokhomedwa pabwalo zimasanduka pogwira mwana amene wayamba kuima. Mfundo zake muzitambasula mofatsa tsiku ndi tsiku pomusambitsa, osakoka mwamphamvu, chifukwa minofu youma ikasiyidwa imafupika, mfundo n'kukhala chopindika, nthawi zina fupa la ntchafu n'kuchoka m'malo mwake.

Mayi uja anabweranso. Mwezi wachiwiri tinawerenga mpaka 7. Wachitatu mwanayo anadwala malungo, tinabwerera pa 4, ndipo mayiyo analira. Ndinamuonetsa tsamba loyamba lija kuti 4 akuposabe 3. Mwezi wachisanu anabwera ndi agogo a mwanayo, ndipo ndisanayambe n'komwe, mayiyo anayala yekha chitenje n'kunena kuti, "Adokotala, werengani." Ndinafika pa 20, mutu uli njo, maso ali pa kabotolo. Agogo aja anaiphulitsa nthungululu mpaka anamwino anasuzumira. Mwanayo anadzidzimuka, thupi lonse linauma, mutu n'kugwa, kulira kunayamba.

Tinaseka tonse, koma pali phunziro la ntchito pamenepo. Ana ambiri a minofu youma amadzidzimuka ndi phokoso ladzidzidzi, ndipo chimwemwe chenichenicho chimawaumitsa thupi. Muyamikireni mwana pafupi, ndi nkhope, ndi mawu otsika, mukumutchula dzina. Nthungululu mukaimbire panja, pouza aneba. Ndipo auzenidi. Mudzi umene wamva kuti mwana uja wadzutsa mutu umayamba kumufunsa m'mawa, ana anzake amabwera kudzagwedeza kabotolo, ndipo abambo amene anali atayamba kuchedwa kumsika amafuna kudzionera okha. Amene ali ndi foni yojambula, kanema wa mphindi imodzi mwezi uliwonse, pamalo omwewo, amaonetsa zimene maso a munthu wokhala naye tsiku lililonse saona. Amene alibe, kope la sukulu ndi cholembera n'zokwanira.

Nanga adzayenda? Yankho loona ndi ili. Ana a CP timawagawa m'magulu 5, kuyambira amene amayenda okha mwina mokoka mwendo, mpaka amene adzafunika kunyamulidwa ndi kukankhidwa pachikuku moyo wonse. Chizindikiro chimodzi chimene timachidalira n'chakuti mwana amene akukhala pansi yekha pofika zaka 2, nthawi zambiri amadzayenda, kaya ndi ndodo kapena popanda. Amene khosi likuvutabe pamsinkhu umenewo mwayi wake ndi wochepa. Mayi uja ndinamuuza zimenezi mwezi wachisanu n'chimodzi, titazolowerana. Anakhala chete nthawi yaitali. Wina aliyense amene angakulonjezeni kuti mwana wotere adzathamanga mukangolipira zakutizakuti, gwirani bwino chikwama.

Komatu kuyenda ndi gawo limodzi chabe. Chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinakonzedwa kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010, chotchedwa MDAT, chimayang'ana magawo 4: thupi lonse, zala, chilankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Ana ambiri amene thupi lawakanika kwambiri amamva zonse zimene mukunena, kuphatikizapo zimene mumakamba za iwo ngati palibe. Dovu lotuluka ndi pakamwa posalankhula sizitanthauza kuti mutu mulibe kanthu. Nyamulani nthochi dzanja lina, kapu dzanja lina, mufunse kuti "ukufuna chiti?", ndiye mudikire. Dikirani mpaka muone ngati mwachita kunyanya. Akayang'ana nthochi, mupatseni nthochiyo, ngakhale inu mukudziwa kuti ali ndi ludzu, kuti aphunzire kuti maso ake akhoza kulamula. Tsiku limenelo lilembedwenso m'kope.

Zinthu ziwiri siziyenera kudikira tsiku la mafizo. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu a CP amakhalanso ndi khunyu, ndipo nthawi zina sikhala kugwa koonekera, koma kungoti duu maso ali tong'o, kapena kugwedezeka pang'ono kobwerezabwereza. Khunyu losamwera mankhwala likhoza kubweza m'mbuyo zimene mwalimbana nazo, ndipo mankhwala ake sasiyidwa popanda dokotala. Chachiwiri, mwana akayamba kutaya zimene ankatha kale, osadwala chilichonse, pitani naye kuchipatala, chifukwa CP payokha sichita zimenezo. Pemphaninso kuti amuyeze maso ndi makutu, makamaka ngati anadwala chikasu kapena matenda oumitsa khosi.

Thandizo lilipo ngakhale ndi lotalikirana. Zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi a mafizo, ndipo pa Kachere ku Blantyre ntchito yawo ndi yomweyi. Bungwe loona za anthu aulumali limene tinazolowera kulitchula kuti MACOHA, pano MACODA, komanso la makolo a ana aulumali la PODCAM, ndi oyenera kuwafunsa za magulu a makolo ndi zipangizo. Aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera amaphunzitsidwa ku Montfort m'boma la Chiradzulu, ndipo malamulo a dziko lino saloleza kukaniza mwana sukulu chifukwa cha ulumali. Koma musadikire Sitandade 1. Sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwanu, ngakhale ola limodzi patsiku mwana ali pampando wake wa katoni pakati pa anzake, imachita zimene ine sindingathe.

Mwana uja tsopano ali ndi zaka 4. Sayenda, ndipo mayi ake anasiya kundifunsa. Amakhala pampando wake, amadya nsima yofewa ndi dzanja lamanzere, theka ikugwera pansi, nkhuku n'kumadyerera. Ulendo watha mayiyo anatulutsa kope lachiwiri, poti loyamba linadzaza, n'kundionetsa mzere womaliza umene analemba mlongo wake wa Sitandade 5: "Lachinayi, wakana kusamba, wapukusa mutu kawiri."