Zobaya khanda pachidendene kuno ku England: mayankho a komiti

Foni ya komiti sikupuma mwezi uno, mafunso ake omwewomwewo, ndiye tayankha pamodzi. Tinene kaye kuti ife si a NHS (a zipatala za boma kuno), ntchito yathu ndi kumasulira ndi kuperekeza anthu kuchipatala basi.

Amabaya liti?
Mwana akakwana masiku 5. Mzamba amabaya pachidendene n'kudonthezera magazi pa kakhadi, timadontho 4, kuti akayeze ngati mwanayo anabadwa ndi matenda ena.

Mwana wanga akuyamwa bwinobwino, kumuliza chifukwa chani?
Matenda omwe akufufuzawo saoneka pakhanda. Tengani matenda otchedwa PKU: thupi la mwana limakanika kugaya phenylalanine, yomwe ili mu mkaka, mazira, nyama, nyemba, ndiye imaunjikana m'magazi n'kumawononga ubongo pang'onopang'ono, mukamadzazindikira kuti mwana sakukhala pansi kapena sakulankhula ngati anzake nthawi yatha kale. Anawatulukira ndi Asbjørn Følling ku Norway mu 1934. M'ma 1950 a Horst Bickel, Evelyn Hickmans ndi John Gerrard ku Birmingham Children's Hospital anaonetsa kuti chakudya chapadera chimathandiza, koma vuto linali kumupeza mwanayo msanga. Robert Guthrie wa ku Buffalo, America, yemwe m'banja mwake munali mwana wa PKU, ndi amene kumayambiriro kwa ma 1960 anabweretsa njira yoyezera magazi ouma papepala, moti mpaka lero ena amangoti khadi ya Guthrie. Kakhadi komweko pano amayezeraponso matenda ena obadwa nawo monga MCADD, MSUD, sickle cell, cystic fibrosis ndi vuto la chithokomiro.

Kodi tilipira? Ine pepala langa silili bwino.
Apa tiyankha mosamala chifukwa zimatengera munthu ndi munthu, ndipo musatenge mawu athu ngati a loya. Ngati munalipira ndalama ya zaumoyo ija pofunsira visa, ya IHS, uchembere wanu simulipira, ndipo mwana wobadwira kuno amathandizidwa ulere miyezi 3 yoyamba bola asatuluke m'dziko, kenako ayenera kukhala ndi visa yakeyake, ambiri apa ndi pomwe amagona. Ngati muli pa visa ya mlendo kapena visa inatha, bilu ya uchembere itha kubwera ndithu, ndipo ngongole ya mapaundi 500 kupita m'mwamba ikakhala miyezi 2 osalipidwa komanso osagwirizana za kalipiridwe, chipatala chimauza a Home Office, omwe amaona za ma visa. Izi sitibisa. Koma lamulo lomwelo likuti chithandizo cha uchembere sangakukanizeni kapena kuchedwetsa chifukwa mulibe ndalama, ndiye chonde musamuthawe mzamba akagogoda tsiku la 5. Bilu ikabwera pemphani kulipira pang'onopang'ono, komanso a bungwe la Maternity Action amapereka uphungu pa nkhani zomwezi. Ife sitingakufafanizireni bilu, musatikwiyire.

Magaziwo sawapereka ku Home Office?
Kakhadi kamapita ku labu. Amakasunga zaka zosachepera 5, ndipo ngakhale apolisi sangakatenge popanda chilolezo cha khoti.

Mwana anabadwira ku Malawi, tangofika naye.
Ngati sanakwane chaka uzani GP (dokotala wa kudera kwanu) kapena health visitor (wazaumoyo woyendera ana) amuyeze. Cystic fibrosis yokha sayeza akapitirira masabata 8.

Akapezeka ndi PKU ndiye kuti sadzadya za kwathu?
Usipa, nyemba, mazira, nsinjiro, izi zimachepetsedwa kwambiri kapena kuchotsedwa, ngakhale zakumwa za shuga wa aspartame saloledwa. Katswiri wa zakudya kuchipatala ndi amene amakuyezerani, ndipo mkaka wapadera amakulemberani. Agogo akabwera kudzaona mdzukulu muwafotokozere bwino, chifukwa kamnofu kopatsidwa mwachikondi nako kamawerengedwa.

Kodi komiti imathandiza kumasulira kalata ya zotsatira?
Eya, ulere. Zotsatira zimafika mwana asanapitirire masabata 6, pakakhala chokayikitsa amaimba foni msanga.

Anabweranso kudzabaya kachiwiri, akubisa chani?
Nthawi zambiri magazi anachepa pa khadi kapena zotsatira sizinaoneke bwino. Tikuvomera kuti ena sanafotokozeredwe mokwanira ndipo anagona ndi mantha, madandaulowo tinawapereka. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake asanabaye, ngakhalenso kukana kuyezako ndi ufulu wanu, kungoti ife a komiti sitingakulangizeni kukana.