Kugawana mtsinje n'kugawana chilala

Pamsonkhano wina womwe anandiitanako monga woyeza madzi, mabungwe awiri opereka madzi a m'mipopi anakangana tsiku lonse osafika n'komwe pa nkhani yomwe anasonkhanira. Lakumtunda linkafuna kuika paipi yachiwiri mumtsinje, pokonzekera anthu omwe mzinda wake udzakhale nawo kutsogoloku. Lakumunsi linati paipiyo idzasiya injini zake zikupopa mchenga. Aliyense anabwera ndi pepala la manambala, ndipo ukawerenga mapepalawo unkangoti mitsinje ndi iwiri.

Titapita pomwe amayezera, nkhani inaoneka yokha. Ndodo ya manambala yomwe amazika m'mbali mwa mtsinje imangonena pomwe madzi alekeza, sinena kuchuluka kwa madzi omwe akudutsa. Kuchulukako timakupeza pa tebulo lomwe limakonzedwa poyeza liwiro la madzi, kuya ndi kutambasuka kwa mtsinje pamalopo. Tsono madzi osefukira a dzinja lapitalo anali ataunjika mchenga pansi, moti madzi ochepa ankakwera ndithu pandodo. Akumtunda ankawerengabe ndi tebulo lakale n'kumati madzi ndi ambiri. Panalibe wabodza m'chipinda chija.

N'chifukwa chake mkhalapakati wodziwa ntchito sayamba ndi funso loti ndani atenge zingati. Amayamba ndi loti tiziyezera pati, aziyeza ndani, ndipo tebulo lizikonzedwanso liti. Khoti Lalikulu la ku America linaziona izi mu 1954 pogamula mlandu wa mtsinje wa Delaware. Linalola mzinda wa New York kutenga magaloni 800 miliyoni patsiku, koma linaulamula kuti uzitsegula madamu ake kuti madzi odutsa pa Montague, ku New Jersey, asatsike kupyola muyeso woikika. Linaikanso woyang'anira mtsinje wochokera ku bungwe la boma la US Geological Survey, munthu wosachokera ku mbali iliyonse ya mkanganowo. Komabe chilala cha m'ma 1960 chitafika, zinaoneka kuti mzindawo sungathe kuchita ziwiri zonsezo nthawi imodzi.

Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani. Mapangano ambiri amagawa madzi a chaka chabwino, pomwe chokanganitsa anthu ndi chaka choipa. Pangano la mtsinje wa Colorado la 1922 linapatsa zigawo za America zakumtunda kwa mtsinjewo ma acre-feet 7.5 miliyoni pachaka (acre-foot imodzi ndi madzi odzaza ekala imodzi, kuya phazi limodzi), zakumunsi chimodzimodzi, kenako mu 1944 Mexico inalonjezedwa 1.5 miliyoni. Manambala omwe anadalira anatengedwa m'zaka zomwe mtsinjewo unali ndi madzi ambiri kuposa masiku onse. Anagawana madzi omwe kulibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, paja amatero. Madzi olembedwa papepala salowa mupaipi. Mu 2021 boma la America linalengeza koyamba kuti m'damu la Lake Mead, la pamtsinjewo, madzi aperewera, ndipo mu 2022 ena anadulidwa gawo lawo. Chochititsa chidwi n'choti zigawo zakumtunda zija, pogawana pazokha mu 1948, zinasankha maperesenti: Colorado 51.75, Utah 23, Wyoming 14, New Mexico 11.25. Peresenti imafota limodzi ndi mtsinje, ndipo aliyense amadziwiratu kuti ululu wake udzakhala wotani.

Za m'tsogolo ndiye zimavuta mwapadera. Bungwe lililonse likamalosera madzi omwe lidzafune limakweza manambala, chifukwa limadziwa kuti wopempha zochepa lero adzalira mawa. Ine ndikaona kulosera kotere ndimafunsa kaye kuti pa madzi omwe mukupopa pano, ofika kwa anthu ndi ochuluka bwanji, nanga othera m'mapaipi obooka ndi olumikiza mwakuba? Bungwe lomwe likutayira madzi pansi lilibe pakamwa popempha paipi yatsopano, ngakhale mawu amenewa sakondweretsa munthu pamsonkhano. Funso lina lomwe limaiwalika ndi la madzi obwerera. Mzinda sumeza madzi onse omwe watenga; ambiri amabwerera mumtsinje kudzera ku malo oyeretsera zonyansa. Akabwerera ali oyera, komanso kumtunda kwa popopera pa mnzako, mkangano umachepa ndithu. Akatayidwa mu mtsinje wina, mnzako waluza onse.

Kukhoti n'kotheka kupita, koma kumadya zaka. Ku America komweko, chigawo cha Florida chinasumira cha Georgia mu 2013 pa nkhani ya madzi, chigamulo chomaliza chinatuluka mu 2021, Florida inagonja, ndipo mtsinje sunawonjezekepo ndi dontho.

Chitsanzo chomwe ndimakonda kuuza anzanga ndi cha mtsinje wa Potomac, womwe umamwetsa mzinda wa Washington ndi madera ozungulira. Mu 1963 a Army Corps of Engineers, mainjiniya a gulu lankhondo la America, anabwera ndi pulani ya madamu akuluakulu 16. Anthu anaikana. Akatswiri atawerengera bwino anapeza kuti mabungwe atatu a m'derali, Washington Aqueduct, Washington Suburban Sanitary Commission ya ku Maryland ndi Fairfax Water ya ku Virginia, atamayendetsa madamu ndi zopopera zawo ngati za mwini mmodzi, madamu ambiriwo sangafunike. Mu 1978 anasainirana mmene azidzagawanira madzi mtsinje ukaphwa, potengera zomwe aliyense ankagwiritsa ntchito m'nyengo yozizira, nthawi yomwe anthu sathirira kapinga ndipo madzi amakhala akumwa, ophikira ndi osamba basi. Mu 1982 anapita patsogolo: anagwirizana kulipira limodzi madzi osungidwa m'madamu a Jennings Randolph ndi Little Seneca, ndipo ntchito yowerengera anaisiya m'manja mwa akatswiri a bungwe loona za mtsinjewo. Zaka zisanu zilizonse amalosera limodzi madzi omwe adzafunike, pepala limodzi, osati atatu.

Chinawakakamiza kukhulupirirana ndi mtunda. Madzi otsegulidwa ku Jennings Randolph amatha kupitirira sabata m'njira asanafike ku Washington mtsinje ukakhala wotsika. Sungadikire kuti mipopi iume kenako n'kuitanitsa msonkhano; wotsegula damu ayenera kutsegula lero chifukwa cha ludzu la sabata yamawa, mvula ikhoza kugwa mawa lomweli madziwo n'kupita pachabe, ndipo pasapezeke womuloza chala. Choncho amachita zoyeserera za chilala ngakhale m'zaka za mvula yabwino: kuimbirana mafoni, kutumizirana manambala m'mawa uliwonse, kugwirizana zotsegula damu lomwe sakulitsegula. Anadzalitsegula zenizeni koyamba mu 1999, patatha zaka 17 chisainireni pangano la 1982 lija.