Libavius sanali wamatsenga wosaka golide

Tikamva za akatswiri a alchemy, luso lakale losakaniza ndi kusandutsa zinthu, ambiri timaganiza za wamatsenga wobisala mu mdima, akusungunula mtovu kuti usanduke golide. Kumeneko n'kumulakwira Andreas Libavius, mbadwa ya ku Halle m'dziko la Germany, yemwe anali dokotala wa mzinda wa Rothenburg komanso mphunzitsi.

N'zoona kuti ankakhulupirira zoti chitsulo china chingasanduke golide. Koma mawu okuluwika a otsatira Paracelsus, dokotala wa ku Switzerland yemwenso ankachita alchemy, ankamunyansa kwambiri. Mu 1597 adatulutsa buku la Alchemia, momwe adalongosola mosabisa kapangidwe ka mankhwala ndi katchezedwe ka zamadzimadzi, kuti wophunzira ayese yekha ndi manja ake. Mu 1606 adajambulanso pulani ya nyumba yoyeseramo zinthu, yokhala ndi zipinda za ng'anjo. Adamwalira ku Coburg mu 1616 ali mkulu wa sukulu.