Piritsi lolera lapangozi silidikira Lolemba

Kondomu ikang'ambika Lachisanu usiku, kapena mayi akachedwa kubayitsa Depo kupitirira milungu inayi n'kugonana, ayambe kuwerenga maola pomwepo. Mapiritsi olera apangozi a levonorgestrel amagwira bwino kwambiri akamwedwa m'maola 72 oyambirira. Angathandizebe mpaka maola 120, omwe ndi masiku asanu, koma mphamvu yake imanka icheperachepera. Mlingo wake ndi 1.5 mg. Paketi ina mumakhala piritsi limodzi, ina monga Postinor-2 mumakhala awiri a 0.75 mg, ndipo mutha kumwa onse awiri nthawi imodzi.

Piritsili limachedwetsa dzira kutuluka. Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mayi mpaka masiku asanu, ndiye dzira likachedwa, umunawo umafa usanakumane nalo. Ngati dzira latuluka kale, piritsi limalephera, n'chifukwa chake timati musazengereze. Silichotsa mimba yomwe yakhazikika, komanso siliumitsa mayi, ngakhale mphekesera zimatero.

Mukasanza pasanathe maola awiri chimwereni, imwaninso lina. Msambo ukachedwa kupitirira sabata, kayezetseni mimba. Piritsi la lero silitetezanso kugonana kwa mawa, choncho yambani njira yolera yokhazikika.

Pali chinthu china chimene ambiri amaiwala kuuza anamwino. Mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, a khunyu monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndiponso ma ARV okhala ndi efavirenz, amachititsa chiwindi kuswa piritsili msanga. Mayi amene akumwa amenewa amafunika 3 mg, kapena lupu ya kopa. Ma ARV otchedwa TLD alibe vutoli. Lupuyo ikaikidwa pasanathe masiku asanu imaposa mapiritsi onse, ndipo imateteza zaka 10 kapena kupitirira.

Wogwiriridwa athamangire kuchipatala asanasambe ngati n'kotheka, chifukwa amafunikanso mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, amene amayambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28. Akatero akanene ku Victim Support Unit ya polisi.

Lamulo lili kumbali ya amayi. Gender Equality Act ya 2013 imati wazaumoyo apereke njira zolera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya yekha. Maputo Protocol ya 2003, imene Malawi idavomereza pamodzi ndi maiko ena a mu Africa, imanena m'ndime 14 kuti mkazi ali ndi ufulu wosankha njira yolera. Omenyera ufulu wa amayi m'chigawo chino amaimira pamenepa.

Koma kuno ku Mangochi mtunda ndiwo umadya maolawo. Mtsikana wa ku Makanjira kapena wa padoko lakutali, nthawi ya dzinja msewu utaterera, sangalipire kabaza kawiri chifukwa wauzidwa kuti chipinda cha kulera n'chotseka, abwere Lolemba. Kuchokera Lachisanu usiku kufika Lolemba m'mawa papita kale maola pafupifupi 60. Mapiritsiwa azikhala ndi namwino wogwira usiku, komanso m'chikwama cha mlangizi wa zaumoyo m'mudzi, ndipo wobwera asafunsidwe za chikwati. Makomiti a zipatala ndi mafumu ayambe ndi kufunsa funso limodzi pachipatala chawo: Loweruka usiku, kiyi wa kabati ya mapiritsiwa amakhala ndi ndani?