Khadi la chipani ndi mizere ya Asch: chifukwa chake anthu amavomera zomwe maso awo akukana

Achinyamata omwe adabadwa dziko lino litalowa kale m'ndale za zipani zambiri ali ndi funso lomwe limawawa makolo awo: "Inu munkangovomera bwanji zonse zija? Munalipo mamiliyoni, apolisi anali ochepa." Ife ophunzira za kaganizidwe ndi khalidwe la anthu tili ndi mbali ina ya yankho. Boma lopondereza silidalira kuti aliyense alikhulupirire. Limangofuna kuti munthu aliyense amene akukayika aziyesa kuti akukayika yekha.

M'zaka za m'ma 1950 Solomon Asch, katswiri wobadwira ku Warsaw yemwe ankaphunzitsa pa Swarthmore College ku America, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Mnyamata wa pakoleji ankauzidwa kuti akayesedwa maso. Akalowa m'chipinda ankapeza anzake angapo atakhala kale. Onse ankaonetsedwa makhadi awiri, lina lokhala ndi mzere umodzi, lina lokhala ndi mizere itatu yosiyana kutalika. Aliyense ankayenera kutchula mokweza mzere womwe ukufanana ndi woyamba uja. Mwana wa sitandade 1 akadakhoza. Chomwe mnyamatayo sankadziwa n'chakuti anzake onsewo adapangana ndi Asch, ndipo iye adamukhazika chakumapeto dala kuti ayambe wamva mayankho a enawo. Maulendo awiri oyamba onse ankayankha bwino. Ulendo wachitatu woyamba ankatchula mzere wolakwika, nkhope ili gwa. Wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu, wachinayi, mpaka kufika pa iye. Mwa maulendo 18, gululo linkanama maulendo 12.

Anthu oyesedwa paokha ankalakwitsa mosakwana kamodzi pa 100. Koma pamene gulu linkanama, pafupifupi mayankho 37 mwa 100 aliwonse adatsata bodzalo. Anthu atatu mwa anayi adagonja kamodzi kapena kuposerapo, mmodzi mwa anayi sadagonjepo. Atafunsidwa pambuyo pake, ochepa kwambiri ndiwo adati adaonadi mzere monga mmene gulu linkanenera. Ambiri ankaona kusiyanako koma nkumati mumtima, anthu onsewa sangalakwe, vuto lili ndi ine. Ena ankadziwa bwinobwino kuti gulu lalakwa, kungoti sankafuna kuoneka osiyana. M'chipindamo munalibe chikoti, munalibe ndende.

Tsopano wonjezeranipo chikoti. Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Dr. Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Ngodya zinayi zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pakhomo la msika kapena pokwerera basi munthu ankapeza ayufi a malaya ofiira atatambasula dzanja kufuna khadi la chipani. Mayi woti wasenza dengu la tomato kuchokera kutali ankatula kaye, kumasula mfundo ya chitenje nkuonetsa khadi, apo ayi agule pomwepo. Mu 1973 padabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'maondo, abambo nawo osasunga tsitsi lalitali.

Anthu amaseka malamulo ngati awa kuti ngachibwana, koma ine sindiwaona choncho. Khadi silinkatsimikiza kuti mwini wake amakonda chipani, ndipo ayufi omwewo ankadziwa zimenezo. Ntchito yake inali ina. Munthu aliyense woima pa mzere ankaona anzake onse akutulutsa khadi, ndiye ankabwerera kwawo akuganiza kuti wong'ung'udza ndi iye yekha. Mnzake wa kumbuyo kwake ankaganizanso chimodzimodzi pomuona iyeyo. Aliyense ankachita mantha, aliyensenso ankathandiza kuopseza mnzake mosadziwa. N'chifukwa chake maulamuliro otere amalimbikira zinthu zooneka ndi maso: chovala, kametedwe, baji, kuimirira mtsogoleri akamadutsa. Zamumtima sangaziwerenge, koma atha kuonetsetsa kuti zisaonekere kunja.

Gawo la kafukufuku wa Asch lomwe ndimalikonda kwambiri silitchulidwa kawirikawiri. Iye adauza mmodzi mwa opangana aja kuti aziyankha zoona. Mmodzi yekha basi, ena onse akunamabe. Kugonja kudatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mmene kunalili. Chodabwitsa china, ngakhale wotsutsayo atatchula mzere wina wolakwikanso, bola wosiyana ndi wa gulu, mnyamata uja ankalimba mtima nkunena zomwe akuona. Chomwe chinkamumasula ndi kungoona kuti gulu silili chimodzi. Mnzakeyo akasintha nkuyamba kutsata gulu, kugonja kunkabwereranso.

Apa m'pamene timamvetsa nkhanza zomwe zidagwera a Mboni za Yehova. Anali ochepa, analibe zida, sankafuna mpando wa munthu. Ankangokana kugula khadi chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Boma lidawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 masauzande adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa, ambiri atamenyedwa, ena ataphedwa. Ndalama za makhadi awo sizikadasintha kanthu m'thumba la chipani. Choopsa chinali choti munthu wa pa mzere uja aone mnzake akunena kuti "ayi" nkupitiriza ulendo wake. Simufunika kugwirizana ndi chiphunzitso chawo kuti muone zimenezi. Monga m'chipinda cha Asch, wotsutsa sasowa kukhala wolondola pa zonse kuti amasule ena.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi ena amaipotoza. Mu 1996 Rod Bond ndi Peter Smith adasonkhanitsa kafukufuku 133 wamtunduwu wochokera m'mayiko 17, ndipo adapeza kuti kutsata gulu kumakhala kokwererapo m'madera omwe anthu amalemekeza kwambiri kukhalira limodzi. Ena akamva zimenezi amafulumira kunena kuti umunthu wathu ndiwo umatigonjetsa. Sindikuvomereza. Kutsata anzako ndi komwe kumachititsa kuti maliro aikidwe, mlendo alandiridwe, anthu aime pa mzere osakankhana. Munthu wosamvera aliyense si mfulu, ndi vuto pamudzi. Paja amati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo zotsatira za Asch zikugwirizana ndi mwambiwu kuposa kuutsutsa: yemwe adaima nji mosavuta ndi amene anali ndi mnzake. Chomwe boma lankhanza limachita ndi kuipitsa kukhulupirirana, moti munthu sangayankhule momasuka ngakhale ndi mlamu wake poopa kuti mwina ndi kazitape. Anthu amadzadza bwalo la masewera, kuvala nsalu imodzi, kuimba nyimbo imodzi, koma aliyense ali yekhayekha.

Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Zomwe idanena, za kumanga anthu popanda mlandu, za malipiro ochepa, za kusowa ufulu woyankhula, si zoti anthu sankazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva mokweza, tsiku limodzi, aliyense akuona nkhope za anzake pamene akumva. Kuyambira tsikulo munthu adadziwa kuti mnzakenso akudziwa. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adachita zionetsero mwezi womwewo. Mu Epulo Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito yemwe ankafuna ndale za zipani zambiri, adabwerera kumudzi nkumangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi antchito a m'mafakitale ku Blantyre adanyanyala ntchito.

Kafukufuku wamtunduwu adaonetsanso kuti munthu akamalemba yankho lake papepala m'malo molitchula pagulu, kugonja kumachepa kwambiri. Mkangano wa mabokosi pokonzekera riferendamu ya pa 14 Juni 1993 udagona pomwepa. Boma linkafuna mabokosi awiri, la tambala wakuda woimira chipani chimodzi ndi la nyali yoimira zipani zambiri, ndipo otsutsa adakana poopa kuti zidziwika yemwe waponya kuti. Pamapeto pake padakhala bokosi limodzi. Anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse adasankha nyali.

Komabe m'chigawo chapakati ambiri adasankha tambala, ali okha, popanda wowayang'ana. Ndiye kuti si onse odzadza bwalo la masewera aja omwe ankanamizira. Ena ankakondadi ulamuliro uja, ena ankaopa kuti zipani zambiri zibweretsa nkhondo monga zinkanenedwera pamisonkhano. Kwa zaka pafupifupi 30 padalibe njira yosiyanitsira amenewa ndi ongotsatira, ndipo nalo boma silinkadziwa kuti anthu ake enieni ndi angati kufikira mavoti atawerengedwa.